Galimoto ikagwada kumbuyo, musathamangire kugula ma shock

Nyengo yokolola mpunga ikafika m'boma la Karonga, galimoto zing'onozing'ono monga Sienta ndi Probox sizipuma. Zimatuta matumba a Kilombero kuchokera ku Kaporo, Lufilya, Wovwe ndi Hara kupita pa boma, zina n'kumakatenga katundu wa ochita malonda ku chipata cha Songwe. Pakatha miyezi ingapo, zambiri zimayamba kugwada kumbuyo, kugunda pansi pa zigwembe komanso kudya matayala mosalongosoka.

Zikatere, eni galimoto ambiri amathamangira kukagula ma shock atsopano, ena n'kufunsa "olimba kwambiri" poganiza kuti galimoto iyamba kusenza katundu wochuluka. Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimalowa m'madzi, chifukwa shock ndi sipuling'i zimagwira ntchito zosiyana.

Chimene chimasenza kulemera kwa galimoto ndi katundu wake ndi sipuling'i. Ndiyo imachititsa kuti galimoto ikhale m'mwamba pa msinkhu wake. Shock ntchito yake ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isamangodumphadumpha ikagunda dzenje. M'kati mwake muli oilo amene amadutsa pa timabowo ting'onoting'ono, ndipo kuvutikira kwa oiloyo podutsa ndiko kumakhazika galimoto pansi, matayala n'kugwira msewu.

Choncho galimoto imene yagwada ngakhale ilibe katundu, yatopa ndi sipuling'i. Kuikamo ma shock atsopano sikungaidzutse, ndipo ma shock atsopanowo amafa msanga chifukwa amagwira ntchito atapanikizika. Koma galimoto imene msinkhu wake uli bwino koma ikuyenda ngati bwato la panyanja, kupepesuka pokhota ndi kugwetsa mphuno pomanga mabuleki, vuto lili pa ma shock.

Mwini galimoto angathe kudziwa yekha asanapite ku galaja. Aimike galimoto yopanda katundu pamalo osalala, ayeze ndi tepi kuchokera pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa thupi la galimoto pamwamba pa tayala, mbali zonse ziwiri. Mbali imodzi ikatsika kuposa inzake, sipuling'i ya mbali imeneyo yafooka kapena yathyoka. Kenako akanikize ngodya ya galimoto mwamphamvu n'kuisiya. Ikadzuka n'kuima, shock ikadali ndi moyo. Ikapitiriza kudumpha kawiri kapena katatu, yatha. Zizindikiro zina ndi oilo wochucha m'mbali mwa shock, ndi tayala lodyeka mwa mabangamabanga, pena pakuya pena posalala.

Makampani opanga ma shock monga KYB ndi Monroe amalangiza kuti aziunikidwa bwino akayenda makilomita pafupifupi 80,000. Koma galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu ya fumbi ya kumasikimu a mpunga, kapena yokwera ndi kutsika mapiri a Chiweta popita ku Mzuzu, ingathe kuwamaliza isanafike pamenepo.

Pogula, chinthu choyamba ndi nambala ya mtundu wa galimoto, osati dzina lokha. Kunena kuti "ndikufuna ya Sienta" sikukwanira. Sienta yakale, imene inayamba kupangidwa mu 2003, ilipo ya NCP81 yokoka ndi mawilo akutsogolo okha, ndi ya NCP85 yokoka ndi mawilo onse anayi, ndipo miyendo yawo yakumbuyo ndi yosiyana. Sienta imene inatuluka mu 2015 nayonso ili ndi zipangizo zakezake. Nambala imeneyi ndi imene imayamba pa nambala ya chesisi, ndipo imapezeka pa kachitsulo kokhomedwa pa thupi la galimoto komanso mu blue book. Shock yosiyana kutalika ndi yoyenera ingathe kulowa pamalopo ndithu, koma imagunda kumapeto kwake pa dzenje lililonse mpaka kuthyola pomangira.

Chachiwiri ndi mtundu wa shock. Alipo a oilo yekha, ndi ena a gasi, amene m'kati mwake anawonjezeramo mpweya wa nitrogen. Shock ikagwira ntchito nthawi yaitali imatentha, oilo n'kuyamba kuchita thovu, mphamvu n'kuchepa. Mpweya uja umachepetsa thovulo. M'dera lotentha ngati Karonga, pa galimoto yoyenda mtunda wautali ili ndi katundu, ya gasi imapirira bwino, ngakhale kuti mtengo wake umakhala wokwererapo.

Chachitatu, ma shock ndi masipuling'i amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Kusintha mbali imodzi yokha kumaoneka ngati kupulumutsa ndalama, koma galimoto imayamba kukokera kumbali pomanga mabuleki, ndipo chatsopanocho chimatha msanga chifukwa chikugwirira ntchito chinzake chakufa.

Chichokereni pomwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya atsopano akhala okwera mtengo, ndipo ambiri akudalira ogwiritsidwapo kale ntchito, ochotsedwa m'galimoto zakunja. Sikuti onse ndi oipa, koma pafunika maso. Kamtengo kachitsulo kowala kamene kamalowa ndi kutuluka mu shock kasakhale ndi dzimbiri, zikande kapena kupindika. Pokakankha ndi pokakoka pazimveka kulimba kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda malo ofewa. Ya gasi ikakankhidwa iyenera kubwerera yokha pang'onopang'ono. Shock yopakidwa penti watsopano ndi yofunika kuikayikira, chifukwa penti amabisa pomwe pankachucha oilo. Nambala ya chipangizo yodindidwa pa chitsulo chenichenicho ifanane ndi ya pa katoni.

M'milu ya masipeya akale mumapezekanso masipuling'i aafupi, ena opakidwa utoto wowala, ochokera m'galimoto zothamanga za ku Japan. Amenewa anapangidwa kuti atsitse galimoto pafupi ndi nthaka kuti izikhota mothamanga pa tala wosalala. Achinyamata oyendetsa Subaru kapena Mark X amawakonda chifukwa cha maonekedwe, koma pa galimoto ya bizinesi ndi tsoka. Galimoto yotsitsidwa imakhula pansi pa mahampu ndi m'zigwembe, ndipo mwala umodzi ungaboole chosungira oilo wa injini. Kudula sipuling'i ndi gasi kapena galainda n'koipa kuposa pamenepo, chifukwa yodulidwa ingathe kuchoka pamalo pake galimoto ili pa liwiro.

Ena amachita zosiyana ndi zimenezi, kuika timphira kapena tizitsulo pamwamba pa sipuling'i kuti galimoto ikwere. Izi zimathandiza kuti isakhule pansi, koma siziwonjezera katundu amene ingasenze. Chimodzimodzi kuwonjezera chitsulo china pa masipuling'i aatali akumbuyo kwa Hiace kapena pikiapu: galimoto imasiya kugwada, koma mabuleki, ekiselo ndi matayala ndi omwe aja.

Malire a katundu anaikidwa kale ndi opanga. Probox ya vani inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 400 mukakhala anthu awiri okha, omwe ndi matumba asanu ndi atatu a makilogalamu 50. Sienta inapangidwira anthu asanu ndi awiri, ndipo kuikanso matumba asanu kumbuyo ndiko kuwonjezera makilogalamu 250 pa miyendo imene yadzaza kale. Palibe shock imene ingakonze zimenezi. Ulendo umodzi wodzaza mopyola ungaoneke wa phindu, koma ndalamayo imakathera pa matayala, mabushi ndi masiku amene galimoto yagona ku galaja, osawerengera mazira osweka ndi tomato wophwanyika wa makasitomala.

Poyerekeza mitengo, wogula asayang'ane shock yokha. Awerengere ziwiri, aphatikizepo mphira zapamwamba ndi zotchinga fumbi ngati zatha, malipiro a makaniko, ndiponso kuongola mawilo, komwe kumafunika akasintha ma shock akutsogolo. Amene akukagula ku Kyela kapena ku Mbeya m'dziko la Tanzania aonjezerepo thiransipoti, kusintha ndalama ndi msonkho wa MRA pa Songwe, ndipo akumbukire kuti chipangizo chikapezeka cholakwika, kuchibweza kutsidya ndi ulendo winanso. N'chifukwa chake n'kwanzeru kunyamula shock yakaleyo kuti akaiyerekeze ndi yatsopano pa kauntala pomwepo, ndi kutenga lisiti lolembedwa nambala ya chipangizo.

Ku galaja, mwini galimoto aonetsetse kuti makaniko ali ndi chida chofinyira sipuling'i, chifukwa sipuling'i yomasulidwa ndi manja kapena zingwe imauluka ndi mphamvu yotha kuvulaza munthu. Mabawuti a m'mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke n'kuima pa matayala ake. Akamangidwa galimoto ili m'malere, mphira zimapotoka ndipo zimang'ambika m'kanthawi kochepa.

Ma shock akufa amatalikitsa mtunda umene galimoto imaimira pomanga mabuleki, makamaka pa msewu wa mabampu kapena wonyowa, ndipo angalepheretse galimoto kupeza chiphaso cha COF ku nthambi yoona za pamsewu. Pa msewu wa M1 wodutsa pa Karonga, momwe njinga, ng'ombe ndi ana asukulu zimayendera limodzi ndi galimoto, mamita ochepa amenewo ndi ofunika. Safunsa anadya phula: tepi yoyezera ndi nambala ya chesisi zizikhala m'manja ndalama isanatuluke m'thumba.