Tisauope mpweya wa m'chipatala

Pa zaka zimene takhala tikuyendera odwala m'zipatala, pali mawu amene tawamva kawirikawiri kwa odwazika matenda: "Abusa, amuika pa okosijeni, ndiye kuti basi zatha." Ena amakana kwamtuwagalu, ena amasolola timapaipi m'mphuno mwa mwana namwino akangotembenuka. Mantha amenewa tiyenera kuwaunika, pakuti pali moyo wa munthu.

Buku la Genesis, mutu 2 ndime 7, limatiphunzitsa kuti munthu anakhala wamoyo atalandira mpweya kwa Mlengi wake. Mu mpweya umene timapuma tsiku ndi tsiku, magawo 21 pa 100 alionse ndi okosijeni. Mapapo amautenga n'kuupereka ku magazi, ndipo magaziwo amaufikitsa ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Munthu akadwala chibayo, timatumba ta m'mapapo timadzaza madzi ndi mafinya, motero okosijeni wolowa m'magazi amachepa. Mwana amapuma mofulumira, chifuwa chimalowa m'kati, milomo imabiriwira. Pomuika pa okosijeni, adokotala amangoonjezera chimene thupi likuchisowa, kuti mankhwala ena apeze nthawi yogwira ntchito.

Mmodzi mwa anthu oyamba kuutulukira mpweya umenewu, m'chaka cha 1774, anali Joseph Priestley wa ku England, amene analinso mlaliki. M'chaka cha 1917, John Scott Haldane anasonyeza njira yabwino youperekera kwa asilikali amene anapuma utsi wapoizoni pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Lero zipatala zimaupeza m'masilinda, kapena m'makina amagetsi amene amasefa mpweya wa m'chipinda momwemo n'kuchotsamo nayitrojeni.

Okosijeni ndi mankhwala, ndipo ali ndi mlingo wake. Kachipangizo kamene namwino amapanira pachala kamayeza kuchuluka kwake m'magazi. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 95 ndi 100, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti mwana akatsika pa 90 apatsidwe okosijeni. Kupitiriza mlingo nakonso n'koopsa: m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, makanda ambiri obadwa masiku asanakwane anachita khungu ku America ndi ku Ulaya chifukwa chopatsidwa wochuluka. Choncho wodwazika asapotokole makina yekha, ndiponso pafupi ndi silinda pasakhale fodya, kandulo kapena mbaula, chifukwa okosijeni amakoleza moto.

Nanga mantha aja anachokera kuti? Nthawi zambiri timazengereza pakhomo, wodwala n'kufika kuchipatala atafookeratu. Akamwalira ali ndi timapaipi m'mphuno, anthu amaloza chala mpweyawo, pamene chomupha ndi matenda ndi kuchedwa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Tisaiwale mwezi wa Januwale 2021, pamene mliri wa Covid-19 unafika pachimake m'dziko muno. Masilinda anasowa m'zipatala, mabanja analira, ndipo Amalawi wamba, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani, anasonkha ndalama zogulira masilinda ndi zipangizo zina. Pamenepo tinadziwa kuti choopsa si okosijeni ayi, koma kusowa kwake.

Tsono, amayi ndi abambo, mwana akayamba kubanika musadikire kuti kuche. Thamangirani kuchipatala, ndipo namwino akati amuike pa okosijeni, vomerani, funsani zimene simukuzimvetsa, khalani pambali pake. Pemphero silitsutsana ndi timapaipi tija. Ife abusa ndi akulu a mpingo, tikafika m'wodi, tizilimbikitsa abale kulandira thandizoli, kenaka tigwade nawo. Ambuye asunge mabanja anu.