BELU LIKALEKA KULIRA

Pamene sukulu ya sekondale ya boma ya Dedza inatsegulidwa m'chaka cha 1951, m'dziko muno munali kale sukulu zina ziwiri zotere: ya Blantyre, imene inayamba mu 1940, ndi ya Akatolika ya ku Zomba, imene inayamba mu 1942. Malo anali ochepa zedi, kotero kuti mnyamata wosankhidwa ankachoka pamudzi ngati mfumu, abale atamunyamulira sutikesi, bulangete ndi kathumba ka mtedza wokazinga.

Koma ufumuwo unkathera pa chipata cha sukulu, pakuti m'katimo ankapezamo mfumu ina yosamva dandaulo la munthu: belu. Ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'mafupa, belu linkamudzutsa kusanache kuti ayale bedi, asese ndi kusamba. Belu lomwelo linkamuitanira ku phala, m'kalasi, ku nsima ya nyemba, ku bwalo la mpira, ndiponso ku kuwerenga kwa madzulo. Mwambo umenewu ukalipobe m'sukulu zogonera komweko.

Ubwino wake ngosabisika. Mnyamata amene kwawo akadatha tsiku kudimba kapena kubusa, kuno amakhala ndi maola ake a mabuku amene wina sangamulande. Amagona chipinda chimodzi ndi anzake ochokera ku Karonga, ku Mangochi ndi ku Nsanje, naphunzira kupirira ndi kugawana ngakhale kachidutswa ka sopo.

Komabe pali msampha umene ambiri sauona. Kwa zaka zinayi mnyamatayo amachita zabwino chifukwa chitsulo chalira ndipo pulifekiti waima pakhomo. Tsiku limene amalemba pepala lomaliza la mayeso a Fomu 4, belu limaleka kumulirira. Kumudzi palibe womudzutsa. Ku koleji palibe womufunsa ngati wawerenga. Apa mpamene pamaoneka kusiyana kwa mnyamata amene ankangomvera belu ndi uja amene anaphunzira kusunga nthawi. Woyambayo dzuwa limamutulukira ali pamphasa, ndipo miyezi yodikira zotsatira za mayeso imathera pa bawo.

Nchifukwa chake aphunzitsi asakhutire poona kuti anyamata onse ali chete m'kalasi madzulo. Mphunzitsi wanzeru amasiyira a Fomu 3 ndi Fomu 4 maola ena kuti adzikonzere okha chochita, kenaka nkuwafunsa chimene apindula. Mnyamata akalephera pamenepo, walephera pamene pali womudzutsa.

Nawonso amene atsiriza sukulu chaka chino adziikire belu lawolawo: ola lodzukira, ola la khasu kapena ntchito ina ya manja, ndi ola la buku, tsiku ndi tsiku. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za udindo wa mapulifekiti pa ana a Fomu 1.