CIPULUMUTSO CIRI CA ANTHU ONSE

Mau athu acokera m'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 10 ndi 11. Ife tonse timabvomereza ndi pakamwa kuti Yesu Kristu anafera anthu onse. Koma mbiri iyi itionetsa kuti ngakhale mtumwi Petro anacedwa kucilandira ici mumtima mwace.

Ku Kaisareya, mudzi wa m'mbali mwa nyanja kumene ankakhala akazembe a Aroma, kunali munthu dzina lace Korneliyo. Iye anali kenturiyo, ndiko kunena mkuru wa asilikari 100. Sanali Myuda ai. Anali wa nkhondo ya Aroma, amene anagonjetsa Ayuda nawakhometsa msonkho. Komatu anali munthu woopa Mulungu, wa dzanja lopatsa, ndi wosatopa kupemphera. Tsiku lina, nthawi ya 3 koloko masana, mngelo anamuuza kuti atume anthu ku Yopa, ulendo wa mamailosi ngati 30, akaitane Simoni Petro. Pomwepo anatuma anyamata ace awiri ndi msilikari mmodzi.

M'mawa mwace, dzuwa liri pamutu, Petro anakwera patsindwi la nyumba imene anagonamo, kukapemphera, ndipo anamva njala. M'masomphenya anaona cinthu conga cinsaru cacikuru cirikutsika kucokera kumwamba, m'menemo muli nyama, zokwawa ndi mbalame, zimene cilamulo ca Mose cinaletsa kudya. Mau anamuuza kuti aphe nadye, koma iye anakana. Ndipo anadzudzulidwa kuti aleke kunyansidwa ndi cimene Mulungu waciyeretsa. Izi zinacitika katatu.

Taonani, abale: Korneliyo anamvera pa mau amodzi, koma mtumwi anauzidwa katatu. Cifukwa ninji? Kuyambira ubwana wace Petro anaphunzira kuti Myuda salowa m'nyumba ya munthu wa mtundu wina, ndiponso sadya naye. Mwambo umene tayamwira pamodzi ndi bere suzuka msanga. Cinga cotsekereza Uthenga Wabwino sicinali mumtima wa mlendo uja, cinali mumtima wa mlaliki.

Pamenepo Petro anamuka pamodzi ndi abale 6, napeza Korneliyo atasonkhanitsa abale ace ndi mabwenzi. Anawauza za Yesu wa ku Nazarete, za imfa yace ndi kuuka kwace, ndi kuti ali yense womkhulupirira akhululukidwa macimo. Ali cilankhulire, Mzimu Woyera anadza pa onse akumva, asanadulidwe, asanabatizidwe. Mphatso imene atumwi anailandira pa Pentekoste, yomweyo anailandira Aroma awa, yosacepetsedwa. Ici ndico titanthauza ponena kuti cipulumutso ciperekedwa kwa onse mofanana. Palibe khomo lalikuru la eni dziko ndi kakhomo ka kuseri ka alendo. Onse anacimwa cimodzimodzi, ndipo mwazi umene uombola onse ndi umodzi.

Petro atabwerera ku Yerusalemu, abale ena anamtsutsa. Mlandu wace unali wotani? Unali wakuti analowa kwa anthu osadulidwa nadya nao. Iye anawafotokozera zonse, ndipo analeka makani nalemekeza Mulungu. Koma patapita nthawi, ku Antiokeya, Petro yemweyo anaopa alendo ocokera ku Yerusalemu, naleka kudya ndi Akristu a mitundu ina, kufikira Paulo anamdzudzula pamaso pa onse, monga tiwerenga m'kalata wa kwa Agalatiya, mutu 2. Cikhulupiriro ici ciyesedwa pambale ya nsima koposa pagome la mlaliki.

Tsono tidziyese tokha. Kodi m'mudzi mwathu mulibe nyumba imene timailambalala, cifukwa eni ace ali obwera, kapena alankhula cinenero cina, kapena makolo ao anali akapolo? Kodi wosauka wa nsaru yong'ambika apeza malo pampando umene akhalapo mwini cuma? Timamwera cikho cimodzi pa Mgonero wa Ambuye. Nanga tikanirana bwanji cikho ca madzi pakhomo?

Ndipo inu aphunzitsi a m'midzi, kumbukirani kuti mngelo sanalalikire kwa Korneliyo. Nchito imeneyo inasungikira munthu, ndipo munthuyo anayenda ndi mapazi ace, nalowa m'nyumba imene kale anaiyesa yodetsedwa. Pakuyendera mudzi musayambe ndi kutsiriza kwa mfumu ndi kwa abale anu okha. Mukafike ku nyumba ya kumalire, kwa nkhalamba yonenedwa ufiti, kwa mwana wolumala amene sanaponde pasukulu. Kapena pomwepo pali Korneliyo wina alikupemphera, nalindira kuti ife tidze.

Mulungu atiphunzitse kusanyansidwa ndi munthu ali yense amene Mwana wace anamfera. Amen.