Mphindi 10 m'wodi: masewera olimbitsa thupi kwa ogwira ntchito m'chipatala

Namwino wa pa chipatala cha boma cha Machinga, ku Liwonde, akhoza kutha tsiku lonse osakhala pansi. Amatembenuza odwala, amawerama poika diripi, amathamangira ku wodi ya amayi oyembekezera. Munthu wotereyu akauzidwa kuti azichita masewera olimbitsa thupi amadabwa, poti kwa iye ntchitoyo ndi masewera kale.

Kafukufuku sakugwirizana ndi ganizo limeneli. Andreas Holtermann ndi anzake a ku Denmark akhala akuonetsa kuti kutopa ndi ntchito sikupindulitsa mtima monga momwe masewera amachitira. Pa masewera, mtima umagunda mwamphamvu kwa kanthawi kenako thupi limapuma, ndipo m'kupumako ndi momwe limalimbira. Pa ntchito, mtima umagunda mokwererako pang'ono kwa maola ambiri popanda kupuma kokwanira. Kunyamula munthu wolemera utawerama kumakweza BP ndi kupanikiza msana, koma sikulimbitsa minofu yomwe imauteteza. N'chifukwa chake namwino amafika kunyumba ali wofooka, msana ukuwawa, thupi lisanapindule kanthu.

Nkhaniyi si yaing'ono kuno kwathu. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. Yunifolomu yoyera siteteza munthu ku vutoli. Malangizo a WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera opepukirapo kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo.

Funso lenileni ndi lakuti masewerawo achitikire kuti. Mu 2015, Markus Jakobsen ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa amayi 200 ogwira ntchito m'zipatala zitatu ku Denmark. Ena ankachita masewera ku ntchito, pagulu, ndi mlangizi. Ena anapatsidwa zipangizo ndi malangizo kuti azikachitira kunyumba. Onse anapemphedwa kuchita mphindi 10, kasanu pa sabata, kwa masabata 10. Ululu wa msana, khosi ndi mapewa unachepa kwambiri mwa a ku ntchito kusiyana ndi a kunyumba. Palibe gulu lomwe linakwanitsa kasanu, koma a ku ntchito ankachita kawirikawiri. Kunyumba kumadikira mphika, ana ndi tulo.

Liwonde si Copenhagen. Wodi yomwe ili ndi namwino mmodzi pa shifiti singatseke chitseko, ndipo wogwira lokamu atachoka naiti safunika kulumphalumpha koma kugona. Komabe phunziro lalikulu la kafukufukuyu silifuna ndalama: masewera akhale aafupi, achitike m'nthawi ya ntchito, pamalo pomwe anthu ali kale. Nthawi yabwino ndi ikangotha lipoti ya m'mawa, dzuwa lisanakwere, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe ku Liwonde ndi ku Balaka kumatentha kwambiri. Kalasi ya ola lathunthu madzulo, anthu ataweruka, imakopa okhawo omwe ali olimba kale ndipo alibe minibasi yothamangira.

Zipangizo zilipo. Malegeni a chubu cha njinga akhoza kulowa m'malo mwa mphira zokokera, botolo la malita awiri lodzaza madzi limakwanira mapewa, ndipo kukhala ndi kuimirira pa mpando kangapo kumalimbitsa miyendo ndi chiuno. Komwe kuli wa fizo, iyeyu ndiye aphunzitse munthu mmodzi pa wodi iliyonse. M'zipatala zazing'ono monga Ntaja kapena Phalula, anthu atatu ndi gulu kale. Amayi ena, maka ovala hijabu, samasuka kuchita masewera pabwalo amuna ndi magadiyani akuonerera, choncho chipinda chotseka chimathandiza.

Osaiwalanso maatendanti, okonza m'wodi ndi okankha mabedi, omwe amanyamula zolemera kuposa onse koma nthawi zambiri saitanidwa. Aliyense ayezedwe BP asanayambe, ndipo womva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena dzanzi lotsika m'mwendo ayambe waonana ndi dokotala.