Za masewero a pabwalo ku Nkhamanga

Amene anafikako ku Nkhamanga, m'boma la Rumphi, adziwa kuti ndi chigwa chachikulu patsinde pa mapiri a Nyika, kumene anthu alima fodya ndi chimanga. Nthawi ya dzinja munthu alibe mpata, pakuti fodya ali ngati mwana wakhanda, salola mwini wake kuchoka. Koma mvula ikatha, fodya atapita kumsika, midzi ipuma, ndipo ndiyo nyengo imene anyamata ndi asungwana atulutsa masewero awo. Ife tawaonerera kawirikawiri. Tsiku lina tabwerera kwathu nthiti zili kuwawa ndi kuseka, tsiku lina tabwerera chete, tili kudandaula ulendo.

Nyumba ya masewero kulibe. Pali mtengo ndi bwalo basi. Chitenje chomangidwa pa nsungwi ziwiri ndicho khoma, ufa wothira m'mutu ndizo imvi, ndipo mnyamata akavala jekete la agogo ake wasanduka mfumu. Amayi akhala mbali yawo, abambo mbali yawo, ana ali patsogolo pafumbi.

Sewero limene sitiliiwala tinaliona pa sukulu ina kufupi ndi Bolero, zaka zija Nyumba ya Malamulo isanaletse utenanti mu 2021. Linali la munthu wolima fodya pa munda wa mwini wake, amene chaka chonse anali kutenga chimanga, mchere ndi sopo pangongole. Tsiku la malipiro litafika, kalaliki anatsegula buku lake, nanyambita pensulo, nayamba kuwerenga ngongole imodziimodzi, kufikira ndi khasu lomwe linathyoka. Anthu anaseka kwambiri, chifukwa mnyamatayo anatengera ndithu mayendedwe a akalaliki. Koma munthu uja atafika kunyumba chimanjamanja, mkazi wake namufunsa m'Chitumbuka kuti, "Ndalama zili nkhu?", kuseka kunatha. Nkhalamba ina inaimirira niyamba kukalipira kalaliki, osakumbukanso kuti ndi mdzukulu wake weniweni. Ndipo kumbali ya abambo ena anawerama, pakuti iwo omwe anali nawo matenanti kuminda kwawo.

Masewero otere, okamba mavuto a anthu pamaso pa eni ake, ali ndi mbiri yake. M'chaka cha 1981 ophunzira a ku Chancellor College ya ku Zomba, pamodzi ndi aphunzitsi awo Chris Kamlongera ndi David Kerr, anadza ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kumwera kwa dambo la Vwaza, nachita masewero a zinthu zimene anaziona m'midzi ya kumeneko. Pambuyo pake njira imeneyi inawanda, kotero kuti a boma ndi a mabungwe anayamba kuphunzitsa nayo za ukhondo, za matenda ndi za ulimi. Ambiri apindula nazo, sitikana.

Komatu pomwepo ndi pamene patulukira zokhumudwitsa zathu zazikulu. Amfumu alengeza kuti alendo afika dzuwa likapendeka. Amayi asiya mitondo, nakhala padzuwa kudikira, galimoto nifika mthunzi utatalika. Tsono sewero liyamba, ndipo mwana aliyense adziwiratu mathero ake: munthu wa kumudzi ndiye chitsiru, akana kukumba chimbudzi, adwala, ataya mbuzi kwa sing'anga, potsiriza adza wina wovala zoyera nalankhula nthawi yaitali, ochita sewero onse ataima duu ngati zitsa. Kodi kumudzi kulibe wanzeru? Dziko ili ndi la Chikulamayembe, amene likulu lake lili pa Bolero, ndipo akulu a kuno azolowera kuweruza milandu yovuta pa mabwalo omwewo. Munthu wotere sakondwa kumuonetsa chithunzi chake chili ndi makutu a bulu.

Chinanso ndi chinenero. Anthu a ku Nkhamanga ayankhula Chitumbuka, chimene chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu mu 1968, ndipo chinabwerera pa wailesi mu 1994. Ife tilemba m'Chichewa, ndipo ambiri kuno achimva. Koma kumva ndi kwina, kuseka ndi kwina. Nthabwala ya ku Blantyre ifika kwa agogo itazizira. Nanji masewero a m'sekondale, amene mpikisano wake wa ATEM uchitika m'Chingerezi: makolo aomba m'manja chifukwa mwana ndi wawo, koma mukawafunsa panjira chimene chanenedwa, angoti anavala bwino.

Ana athu omwe ali nazo zolakwa zawo, ndipo tizinene poyera. Ena afulatira anthu nayankhulira m'khosi. Wochita za woledzera akaona kuti anthu aseka safunanso kuchoka, ndipo tinaonapo Herode wa pa Khirisimasi amene anakhalitsa pampando kufikira Anzeru a Kum'mawa anatopa nakhala pansi. Choipa koposa ndi mawu otukwana, onenedwa pabwalo pamene mtengwa ali pomwepo ndi apongozi ake aamuna. Kuno zimenezo ndi zamanyazi zedi, ndipo taona amayi akufunda chitenje kumaso nachoka sewero lili pakati. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo akadayamba aona okha sewero lisanatuluke, zotere sizikadachitika.

Za nkhalamba ija tinamva pambuyo pake kuti masiku awiri sinamuyankhe moni mdzukulu wake. Tsiku lachitatu inamuitana, nimupatsa nsima, nimufunsa kuti adzachitanso liti, pakuti inafuna kukaitana mlongo wake wa ku Hewe, amene mwana wake anabwerako ku esiteti wopanda ngakhale bulangete.