Tizilombo ta M'matumbo ndi Munthu Wosakhuta

Pali anthu ena amene akayamba kudya satha kuleka. Mayi amadikira kuti ana agone, natseka chitseko, nayamba mkute, buledi, mandasi ndi china chilichonse chimene wachipeza m'kabati, mpaka mimba kuŵaŵa. Sadya chifukwa cha njala ayi, ndipo akamaliza amagwidwa ndi manyazi ndi chisoni. Pamudzi munthu wotere amatchedwa wosusuka kapena wadyera, koma madokotala amadziŵa kuti imeneyi ndi nthenda. M'chaka cha 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, la American Psychiatric Association, linavomereza kuti kudya mosadziletsa kotere ndi nthenda payokha ngati kukuchitika kamodzi pa mlungu, kapena kuposa apo, kwa miyezi itatu.

Ambiri mwa odwala nthendayi amanenepa kopitirira muyeso, ndipo kunenepa kotere kwakula pa dziko lonse. Bungwe loona za umoyo la WHO linapeza kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali wonenepa kwambiri. Ku Malaŵi kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anaonetsa kuti amayi 21 mwa amayi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera kuposa muyeso. Kale thupi lalikulu linkayesedwa chizindikiro cha kupeza bwino, koma lero zadziŵika kuti m'mbuyo mwake mumabwera matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tsono funso nali: kodi nchiyani chimene chimauza munthu wina kuti wakhuta, pamene mnzake sachimva? Mbali ina ya yankho akatswiri akuifunafuna m'matumbo.

M'matumbo aakulu a munthu mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel anaŵerengera mu 2016 kuti munthu wamkulu amasenza mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, olemera ngati magalamu 200. Ambiri mwa ameneŵa sali ngati aja oyambitsa kolera. Ndi antchito a m'thupi. Chakudya chawo ndi mbali yolimba ya zomera imene mimba singathe kugaya, monga gaga wa chimanga ndi makoko a nyemba, imene imatchedwa faiba. Faiba ikafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amaisasitsa monga momwe thobwa limasasira likagonera, ndipo pamatuluka timaasidi totchedwa acetate, propionate ndi butyrate. Timaasiditi timachititsa khoma la matumbo kutulutsa mahomoni aŵiri, GLP-1 ndi PYY, amene amatumiza uthenga ku ubongo wakuti chakudya chakwana. Chotero kukhuta sikungokhala kudzaza kwa mimba kokha. Ndi uthenga, ndipo tizilomboti tili ndi gawo lake poutumiza.

Umboni waukulu wachokera kwa Jeffrey Gordon ndi anzake a pa Washington University mumzinda wa St. Louis ku America. Iwo amaŵeta mbeŵa zobadwira ndi kukulira m'malo otsekedwa, zopanda bakiteriya ndi mmodzi yemwe m'thupi. Mu 2013 anatenga mabakiteriya a m'chimbudzi cha mapasa, wina wonenepa wina woonda, naŵaika mwa mbeŵa zoterezi. Ngakhale zonse zinkadya chakudya chofanana, mbeŵa zolandira tizilombo ta wonenepa zinadzikundikira mafuta ambiri kuposa zinzake. Kenaka anaziika m'khola limodzi. Popeza mbeŵa zimadya ndowe za zinzake, tizilombo ta woonda tinaloŵa mwa zija zinazo, ndipo sizinanenepe. Koma zimenezi zinachitika pokhapokha chakudya chikakhala cha masamba ndi zipatso zambiri. Pa chakudya cha mafuta ambiri ndi masamba ochepa, tizilombo ta woonda tinalephera kukhazikika.

M'chaka chomwecho gulu lomweli linafalitsa zimene linapeza kumwera kwa Malaŵi, kumene linatsata mapasa a m'mabanja 317 kufikira zaka zitatu. Panali mabanja amene mwana mmodzi anadwala kwashiorkor, nthenda yotupitsa ana osoŵa zakudya, pamene mnzake anali bwino, chonsecho akudyera mbale imodzi. Tizilombo ta mwana wodwala titaikidwa mwa mbeŵa, mbeŵazo zitapatsidwa chakudya chosakwanira chofanana ndi cha anawo, zinaonda kwambiri. Kotero tizilomboti timakhudza kuonda ndi kunenepa komwe, koma nthaŵi zonse mogwirizana ndi chimene chili m'mbale.

Nanga kudya mosadziletsa? Mu 2022 akatswiri a ku Caltech, motsogozedwa ndi Sarkis Mazmanian, anapatsa mbeŵa mankhwala opha mabakiteriya a m'matumbo, naziikira timibulu ta shuga. Pa maola aŵiri mbeŵazo zinadya timibulu tochuluka ndi theka kuposa zinzake zosamwa mankhwala, pamene chakudya chawo cha masiku onse sizinachidye mopitirira. Atazibwezera tizilombo ta mbeŵa zathanzi, kususuka kuja kunachepa. Izi zikuonetsa kuti, mwa mbeŵa, tizilomboti timagwira dzanja pa chakudya chokoma chimene chimadyedwa popanda njala.

Apa ndi pamene pamaloŵera zogulitsidwa m'mabotolo zotchedwa prebiotic. Dzinali analiyambitsa ndi Glenn Gibson ndi Marcel Roberfroid mu 1995, ndipo limatanthauza chakudya chimene thupi siligaya koma chimadyetsa mabakiteriya othandiza. Chodziŵika kwambiri ndi inulin, imene mafakitale amaitenga m'mizu ya chomera cha chicory, ngakhale imapezekanso mu anyezi ndi adyo.

Koma munthu si mbeŵa, ndipo zimene zapezeka mwa anthu nzochepa mphamvu. Ku Calgary m'dziko la Canada, mu 2017, ana onenepa 42 a zaka 7 mpaka 12 anagaŵidwa paŵiri. Amene ankamwa magalamu 8 a inulin tsiku lililonse kwa milungu 16 mafuta a m'thupi mwawo anatsika pang'ono chabe. Ku Imperial College mu London, mu 2015, akuluakulu 60 olemera kuposa muyeso anayesedwa kwa milungu 24. Mwa anthu 25 amene ankamwa inulin yomangiriridwa ndi propionate, mmodzi yekha ndiye anaonjezera thupi kwambiri, pamene mwa 24 amene ankamwa inulin yokha analipo 6. Ku Auckland m'dziko la New Zealand, mu 2020, achinyamata onenepa 87 analoŵa m'kafukufuku amene ena anameza makapisozi a tizilombo ta anzawo oonda, koma kulemera kwawo sikunatsike. Choncho wogulitsa amene akulonjeza kuti botolo lake lisungunula mafuta akunena zoposa zimene akatswiri apeza. Ndiponso inulin yambiri nthaŵi imodzi imatupitsa mimba ndi kudzaza mpweya.

Phunziro la mbeŵa za m'khola limodzi zija nlakuti tizilombo tabwino sitikhala pamene palibe chakudya chake. Mu 2010 akatswiri a ku Italy anayerekeza ana a m'mudzi wina ku Burkina Faso, odya mapira, maŵere, nyemba ndi masamba, ndi ana a mumzinda wa Florence. Ana a kumudziwo anali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya ndiponso timaasidi tambiri tija. WHO imalangiza munthu wamkulu kudya magalamu 25 a faiba pa tsiku, kapena kuposa apo. Banja la ku Dedza kapena ku Mulanje silisoŵa kupita kusitolo kuti liipeze. Ili mu nsima ya mgaiwa, imene gaga wake sanachotsedwe monga amachitira pokonola chimanga cha ufa woyera. Ili mu nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama. Ili mu mbatata, nkhwani, bonongwe, therere ndi zipatso. Banja likasamukira m'tauni nkusiya zimenezi, nkumadya ufa woyera, buledi woyera ndi zakumwa za shuga tsiku ndi tsiku, limasiya antchito a m'matumbo aja ndi njala. Wofuna kubwerera ayambe pang'onopang'ono, akumwa madzi okwanira, kuti mimba izoloŵere. Ndi bwinonso kupewa kumwa mankhwala opha mabakiteriya popanda kulemberedwa ndi dokotala, pakuti mankhwalawo sasankha oipa okha.

Koma mayi uja wodya usiku chitseko chili chotseka, mgaiwa ndi nyemba zokha sizingamchiritse. Nthenda yake imagwirizana kaŵirikaŵiri ndi nkhaŵa, kukhumudwa, ndi chizoloŵezi chodzimana chakudya usana wonse, chimene chimautsa njala yoopsa madzulo. Chithandizo chimene madokotala amachidalira kwambiri ndi uphungu wa akatswiri a maganizo, pamodzi ndi kudya pa nthaŵi zoikika osadumpha chakudya. Mutu umodzi susenza denga. Abale ake asamseke kapena kumtchula maina. Amperekeze kuchipatala kuti akafotokoze vuto lake momasuka.