ZA ANA OBADWA NDI MSANA WOSATSEKEKA

Madzulo ano tikamba za cilema cina cosaoneka kawiri-kawiri, koma cimene cikagwa pamudzi cithetsa nzeru azamba ndi akuru omwe. Mwana abadwa ndi cotupa conga thumba la madzi kumunsi kwa msana, pamwamba pa matako. Dzina lace la cidotolo ndilo spina bifida.

Ciyambi cace ndi ici. M'kati mwa mafupa a msana mupita cingwe cofewa cocokera ku bongo, ndipo m'cingwemo muturuka mitsempha yolamulira miyendo, cikhodzodzo ndi matumbo. Njira ya cingweco itsekeka pofika tsiku la 28 la mimba, amai ambiri asanadziwe n'komwe kuti aima. Ikalephera kutsekeka, cingwe citsala poyera. Tsono musaloze zala apongozi kapena mnansi, pakuti si ufiti ai, ndiponso si mdulo.

Mwana wotere asagone m'mudzi. Mgonekeni cafufumimba, phimbani cotupaco ndi nsaru yoyera bwino, ndipo fulumirani naye ku cipatala. Musaboole thumbalo, musatemerepo mphini. Madotolo afuna kutseka malowo pa masiku awiri kapena atatu oyamba, cifukwa pakhomo potseguka pamenepo tizirombo tilowa ndi kukwera mpaka ku bongo, ndi kudzetsa matenda oumitsa khosi. Nchito yace ndi ya manja osanjenjemera. Dotolo amasula cingweco ku khungu kumene cinamamatira, nacibwezera m'njira yace. Kenaka asoka cikuto colimba cocikuta, asoka minofu, natsiriza ndi khungu. Bala likakula kwambiri, akoka khungu la m'mbali kuti likumane pakati.

Pano mundimvetsetse, makolo anzanga. Opareshoni imeneyi sidzutsa mitsempha imene inafa mwana asanabadwe. Icinjiriza imene yatsala. Cotupa cikakhala m'munsi kwenikweni, ana ambiri ayenda, ena ndi ndodo kapena zitsulo za kumiyendo. Cikakhala cakumtunda, miyendo ikhala yolefuka ngakhale dotolo asoke mwaluso lotani. Ndiyesa kuti nkwabwino kuwauza makolo zimenezi poyamba pomwe, kuti asadzati cipatala cinawanyenga.

Ambiri a ana awa adzala madzi m'mutu, mutu nukula. Kale ici ndico cinali kupha ocuruka. Mu 1955, ku Philadelphia m'dziko la America, mmisiri wa makina dzina lace John Holter anabala mwana wa cilema comweci. Iye sanali dotolo, koma mu 1956 anapanga kacitseko ka mphira kolola madzi kuturuka m'mutu osabwerera, kamene dotolo Eugene Spitz anayamba kuika mwa ana. Mwana wa Holter anamwalira akali wamng'ono, koma kapaipi kotere kagwirabe nchito m'zipatala kufikira lero. Bvuto lace ndi lakuti katha kutsekeka. Mwana akayamba kusanza ndi kugona-gona, abwerere ku cipatala tsiku lomwelo.

Palinso mtundu wina wobisika, ndipo ndiwo wonyenga. Khungu liri lotsekeka bwino, mwana aponda-ponda miyendo ngati anzace. Koma pamsanapo pali katsitsi, kadzenje kakuya, kapena cotupa ca mafuta. Pansi pacepo cingwe cija cingakhale comangika. Msana ukamatalika cingwe cikokeka, monga mbuzi yomangidwa pa cikhomo ikafuna msipu wakutali. Mwana amene anali kuyenda bwino ayamba kupunthwa, phazi lipindika, kapena ayambanso kukodza pamphasa atasiya kale. Pamenepo dotolo atsegula msana nadula comangaco. Ululu ucepa, ndi kufookako kuleka kupitirira. Koma cikhodzodzo cikaonongeka sicibwerera msanga, ndipo kawiri-kawiri sicibwerera konse. Cifukwa cace cizindikiro cotere cionetsedwe kwa dotolo mwana akali kuyenda bwino.

Mu 2011 madotolo a ku America anaonetsa kuti kusoka msana mwana akali m'mimba, sabata la 26 lisanakwane, kucepetsa ana ofuna kapaipi kuja ndi theka. Koma ana ambiri otere abadwa masiku asanakwane, ndipo amai nawo alowa m'ngozi.

Sabata la mawa tidzakamba za folic acid, mankhwala amene mu 1991 anatsimikizika kuti acepetsa cilema ici amai akayamba kumwa asanaime.